Geji Yakufa ndi Mafuta a K100: Basi Ikazima Panjila, Amalipila Ndani?

Mu Lusaka muli laiti imodzi imene load shedding siikhudza. Ndi kalaiti kachikasu ka mafuta pa dashibodi ya minibasi. Kamayaka m'mamawa basi ikamanyamuka ku Kanyama, kamayaka masana pa City Market, ndipo usiku basi yomaliza ikamalowa mu George kamakhala kakali koyaka. Pambali pake, kamuvi ka geji kanagona pa E kalekale, ndipo palibe amene akumbukila tsiku limene kanadzukapo. Madalaiva ena anamatapo sitika ya timu yawo ya bola kuti kalaitiko kaleke kuwayang'ana. Amene wakhala kutsogolo akafunsa, yankho timalidziwa tonse: "Osadandaula bosi, geji ili mumutu."

Timaseka, chifukwa masiku ambili timafikadi. Koma tsiku limene basi yayamba kutsokomola pa Los Angeles Road kapena pa Commonwealth Road, n'kugwedezeka kawili, n'kukhala zii, kuseka kumatha. Kondakita amapisa dzanja pansi pa mpando n'kutulutsa chigubu. Chigubu chimenecho sichinagwe kumwamba. Chimayenda ndi basi tsiku lililonse, kutanthauza kuti eni ake amadziwa kuti tsiku lake lidzafika. Amayi wina akuti, "Ba kondakita, tibwezeleni ndalama zathu tikwele ina." Kondakita akuyankha ali kale panja: "Ndalama zayenda ku mafuta mami, yembekezani chabe."

Ife tikuti basi kutha mafuta panjila si tsoka. Ndi zotulukapo za zosankha zimene anthu ena anapanga, ndipo amene amalipila ndi munthu amene sanafunsidwe: wokwela. Geji yakufa pa motoka yonyamula anthu ifunika kuonedwa monga mmene timaonela tayala lakutha kapena mabuleki ofooka.

Mmene geji imafela

Tiyambe ndi chipangizocho, chifukwa ambili a ife timaganiza kuti geji ndi kamuvi kaja chabe. Kamuvi ndi mthenga. Nchito yeniyeni imachitikila mkati mwa thanki. Mmenemo muli kanthu koyandama pamwamba pa mafuta, kamene amakanika amati floti. Kanamangilidwa ku kachitsulo kooneka ngati mkono. Mafuta akachuluka floti imakwela, akachepa imatsika, ndipo mkono uja umakhula pa kambale ka magetsi kamene kamauza kamuvi pamene kayenela kuloza. Ndi nzelu yofanana ndi ya mpila uja wa mu thanki ya toileti.

Chipangizo chotele chimatha. Mamotoka ambili amene timakwela anayenda kale zaka zawo ku Japan asanatsike pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Nakonde. Akafika kuno amakumana ndi misewu yathu. Maenje amagwedeza floti tsiku lonse. Mwala ukagunda thanki pansi n'kuifinya, mkono uja suyendanso bwino. Nyengo ya mvula, basi ikamasambila m'madzi a mu Kanyama ndi mu Chawama, madzi ndi matika zimafika pa mawaya a pamwamba pa thanki, ndipo dzimbili limayamba. Nthawi zina floti imabooka n'kumila, geji n'kumaonetsa E ngakhale thanki ili yodzala. Nthawi zina imakakamila pakati, geji n'kumalonjeza hafu thanki pamene mwatsala malita awili. Palinso mabasi amene anaikidwa thanki kapena dashibodi ya motoka ya mtundu wina, ndipo ziwilizo zimakamba zinenelo zosiyana.

Ngakhale geji yamoyo siikamba zoona zonse. Thanki si bokosi lolingana mbali zonse, n'chifukwa chake hafu yoyamba imaoneka ngati ichedwa kutha ndipo hafu yachiwili imathamanga. Pamtunda ndi potsetseleka mafuta amapendekela mbali imodzi, kamuvi n'kusuntha. Opanga mamotoka amadziwa zimenezi, ndiye anaikapo kalaiti kochenjeza. Pa mamotoka ambili kamayaka mukatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thanki, kapena kuposelapo pang'ono. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kalaiti kaja ndi mnansi ameneyo. Koma mnansi amene amakutsina khutu kuchokela pa Mande mpaka pa Sondo, khutu limafika pochita dzanzi.

Masamu a K100

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni. Thanki ya Toyota Hiace imalowa malita 70. Kalaiti kake kamayaka mukatsala malita pafupifupi 10 kapena kuchepelapo. Manje taonani mmene mafuta amathilidwila. Basi yadzala, yanyamuka, yayenda mamita ochepa, yakhotela pa filing'i sitesheni. Kondakita akusonkhanitsa ndalama kuchokela kumpando wakumbuyo, akupeleka K100 kapena K150 pa windo, ndipo ulendo ukupitiliza.

Kodi K100 ndi malita angati? Mu December 2021, boma litachotsa ndalama zimene linali kuikako pa mafuta, bungwe la Energy Regulation Board linakweza petulo kuchoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita, ndipo dizilo kuchoka pa K15.59 kufika pa K20.15. Mu 2022, ERB inayamba kuonanso mitengo mwezi uliwonse. Pofika mu 2024, lita ya petulo inali itadutsa K30. Choncho K100 imene inali kugula malita oposa 5 a petulo mu 2021 inayamba kugula malita atatu ndi pang'ono chabe.

Malita atatu mu thanki ya malita 70 ali ngati kapu ya madzi mu dilamu. Floti siikwela n'komwe. Kalaiti sikazima. Ndiye ngakhale geji ikhale yatsopano kuchoka mu bokosi, singathandize dalaiva amene amakhala moyo wake wonse pansi pa mzele wochenjeza. Geji inapangidwila munthu amene amadzaza thanki n'kumaona ikutsika. Ife timayendetsa mabasi pa madontho. Komanso floti ikamakhala pansi masiku onse, imakhula malo amodzimodzi pa kambale kaja mpaka kuwadya. Kuthila mafuta pang'onopang'ono ndiye kumapha geji, ndipo geji ikafa palibe amene amaona chifukwa choikonzela, pakuti inali kuonetsa E ngakhale pamene inali yamoyo.

N'chifukwa chani sadzaza thanki?

N'zosavuta kutukwana dalaiva, ndipo m'basi yozima timachita zimenezo mwaluso. Koma tikakhala pansi ndi madalaiva, monga mmene timachitila pa mapulogilamu a pa wailesi ya m'komboni, masamu awo amamveka. Mabasi ambili amayenda pa kashing'i. Mwini basi amafuna ndalama yake yoikika tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula, kaya kuli jamu, kaya basi yataya maola awili pa lodibuloko. Mafuta amagula ndi dalaiva kuchokela pa ndalama za tsikulo. Pamwamba pake pali za pa sitesheni, za anyamata oitanila anthu, za chakudya, ndi za kondakita. Zotsalazo ndiye zopita nazo kunyumba.

Kudzaza malita 70 pa K30 ndi K2,100. Dalaiva amene wayamba nchito 04:30 alibe ndalama imeneyo m'thumba. Ngakhale akhale nayo, ali ndi zifukwa zosaiikila mu thanki. Basi si yake. Abwana angathe kumulanda makiyi madzulo omwewo, ndipo mafuta otsala amapita ndi basi. Mawa lake angayendetse ndi mnzake wogwilizila, n'kuwotcha mafuta amene sanagule. Usiku basi imagona pa kapaki, ndipo pali anthu odziwa kugwilitsa nchito kapaipi ndi chigubu mumdima. Kwa dalaiva, lita iliyonse yogona mu thanki ndi ndalama imene ingasowe. Choncho amayesetsa kufika madzulo thanki ili pafupi kuuma.

Nayenso mwini basi ali ndi masamu ake. Geji yakufa siiletsa basi kuyenda. Kuikonza kumafuna kutsitsa thanki kapena kutsegula pamwamba pake, kugula sipeya, kulipila makanika, ndi kutaya kashing'i ya tsiku limenelo. Basi ikazima panjila, iye sakhalamo. Kashing'i yake imabwelabe madzulo. Nanga akonzelenji?

Taonani mmene katundu wayendela. Mwini basi wamutula pa dalaiva. Dalaiva wamutula pa kondakita ndi chigubu chake. Onse pamodzi amutula pa ife.

Mtengo wa basi yozima

Kalembela wa 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambili a ife tilibe motoka. Basi ndiye miyendo yathu. Ikazima kwa mphindi 40, amene amataya si anthu ongoyenda chabe. Muli mayi amene afunika kufika ku Soweto Market matomato abwino akalibe kutha. Muli mnyamata wa Giledi 12 amene pepala lake liyamba 08:00 ndipo silimuyembekeza. Muli mlonda amene akachedwa katatu amamuchotsa nchito. Muli agogo amene ali ndi tsiku loonana ndi dokotala ku UTH, ndipo akaphonya adzapatsidwa tsiku lina lakutali. Muli mtsikana wa ku Mtendere amene wakomboka mochedwa, ndipo basi yamuzimila pamalo amdima pa Alick Nkhata Road, foni ili pafupi kuzima. Aliyense wa anthu amenewa analipila ulendo wathunthu. Ena alibe ndalama ina yokwelela basi yachiwili.

Palinso ngozi yeniyeni. Injini ikazima motoka ikali kuyenda, mphamvu imene imafewetsa chiwongolelo imatha, ndipo mabuleki amauma mukawaponda kamodzi kapena kawili. Ganizilani zimenezo pa Kafue Roundabout nthawi ya 17:00, kapena pa Lumumba Road pakati pa mathilaki. Basi yozima siisankha poima. Imaima pakati pa msewu, nthawi zina popanda matrayango, m'malo mwake nthambi za mtengo. Amuna amaseluka kuti akankhe, mamotoka ena akudutsa pafupi ndi miyendo yawo. Kumbuyo jamu imakula, ndipo mabasi ena onse amawotcha mafuta ali chiimile. Basi imodzi yosowa malita awili imadyetsa mzinda wonse malita ambili.

Motoka nayonso imavulala. Pa mamotoka a petulo, pampu imakhala mkati mwa thanki ndipo mafutawo ndi amene amaiziziletsa. Ikamayamwa mphepo kawilikawili imatentha n'kufa msanga. Pa dizilo, mafuta akatha mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo kuthila chabe sikukwanila: pafunika kupopa ndi kutulutsa mpweyawo injini isanalile. N'chifukwa chake nthawi zina kondakita wabwela ndi chigubu koma tikhalabe pamenepo, batile ikutha ndi kuliza sitata. Ndalama imene mwini basi anakana kupeleka pa geji amadzaipeleka pa pampu, pa batile ndi pa sitata.

Ndipo chigubu chija chili ndi mavuto akeake. ERB yakhala ikuchenjeza za mafuta ogulitsidwa mosaloledwa m'mbali mwa misewu ndi m'makomboni. Koma basi ikazima kutali ndi filing'i sitesheni, kondakita amapita kumene kuli pafupi. Mafuta a m'mabotolo palibe amene adziwa zimene anasakanizamo, ndipo amasungidwa m'nyumba zimene anthu amaphikila pa mbaula.

Chenjezo likasanduka chizolowezi

Okonda bola akumbukila zimene zinachitika pa 28 November 2016. Ndeke ya kampani ya LaMia inanyamula timu ya Chapecoense ya ku Brazil kupita ku Medellín, ku Colombia, kukasewela fainolo ya Copa Sudamericana. Inagwa pafupi ndi bwalo la ndeke, ndipo anthu 71 mwa 77 anamwalila. Ofufuza anapeza kuti ndekeyo inatha mafuta. Ulendowo unali wautali pafupifupi kulingana ndi mtunda wonse umene ndekeyo ikanakwanitsa, ndipo oyendetsa sanaime panjila kuti athileko. Chenjezo la mafuta linawayakila mphindi zoposa 30 ngozi isanachitike, koma sanauze a pa bwalo mwamsanga. Woyendetsa wamkulu analinso mmodzi wa eni kampaniyo.

Hiace siigwa kuchokela kumwamba, ndipo sitikuyelekezela chisoni cha mabanja aja ndi kuchedwa kwathu ku nchito. Koma kaganizidwe n'kamodzi. Munthu amayesa kufika ndi mafuta ochepa, amafika. Amayesanso, amafikanso. Tsiku lililonse limene wafika limamuuza kuti chenjezo linali kunama. Kenako pamabwela tsiku la jamu imene sanaiwelengele. Geji ya mumutu imadziwa njila ya dzulo. Siidziwa kuti lelo thilaki yagwa pa Mumbwa Road ndipo tizungulila m'komboni.

Izi zikhudzanso anzathu achinyamata amene ayamba kuyendetsa Vitz, Corolla ndi tumamotoka twina pa Yango kapena pa mataksi a pa kona. Ambili a mamotoka amenewa amaonetsa nambala ya makilomita amene atsala. Nambala imeneyo ndi kuyelekeza chabe, kochokela pa mmene motoka yamwela mafuta posachedwapa. Ngati munali kuyenda momasuka pa Great East Road usiku, idzakulonjezani zambili. Mukalowa mu jamu ya m'tauni, lonjezolo limasungunuka. Ndipo mamotoka ena amalemba machenjezo awo m'Chijapanizi, mwini wake n'kumangoti ndi zokongoletsa.

Zimene zingasinthe

Boma lili ndi bungwe la Zambia Metrology Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, ndipo imodzi mwa nchito zake ndi kupima mapampu a pa filing'i sitesheni kuti lita ikhale lita. Timavomeleza kuti chipangizo chopimila mafuta sichifunika kunama. Nanga n'chifukwa chani timalekelela chipangizo cha kumapeto ena a paipi yomweyo, chimene chanyamula miyoyo ya anthu odzala basi? Tikupempha Road Transport and Safety Agency kuti motoka iliyonse yonyamula anthu isapatsidwe fitinesi ngati geji ndi kalaiti ka mafuta sizigwila nchito, ndiponso kuti basi yotha mafuta ili ndi anthu ilembedwe m'buku, dzina la mwini wake lili pamwamba. Chilango chikagwela dalaiva yekha, palibe chidzasintha, chifukwa si iye amene amagula masipeya.

Kwa eni mabasi, pali njila imene siidya phindu lanu. Mafuta a pamwamba pa thanki ndi a pansi pa thanki mtengo wake ndi umodzi. Basi yoyenda ndi kota thanki siimwa ndalama zambili kuposa yoyenda pa E. Kusiyana kwake ndi ndalama yoyambila chabe, yoikidwa kamodzi. Kota ya malita 70 ndi malita 17 ndi hafu, pafupifupi K525 pa mtengo wa K30. Ikani mafuta amenewo inu eni. Pelekani basi m'mawa ili pa kota, ibwele madzulo ili pa kota. Makampani obweleketsa mamotoka amachita zofananazo. Dalaiva sadzaopanso kuti mafuta ake adyedwa ndi wina, ndipo inu mudzakhala ndi chifukwa chofunila geji yonena zoona, pakuti ndiyo idzakhala mboni pakati panu.

Kwa madalaiva, pamene muyembekeza kuti abwana akonze, geji ya mumutu ipatseni pepala. Mukathila, bwezani kawelengelo ka makilomita pa zilo ndipo lembani malita, osati makwacha, chifukwa mtengo umasintha mwezi ndi mwezi koma lita siisintha. Pakapita sabata mudzadziwa mmene basi yanu imamwela pa njila yanu, m'mawa ndi madzulo. Ndipo thilani musanakweze anthu. Kuima pa pampu ndi basi yodzala, injini ikulila, ndi kuika anthu pafupi ndi moto popanda kuwafunsa.

Kwa makomiti a pa masitesheni, ku Kulima Tower, ku Lumumba, ku Millennium, ku City Market ndi m'makomboni: mumakwanitsa kusunga mzele wa mabasi ndi kutolela ndalama tsiku lililonse. Mungakwanitsenso kuika lamulo limodzi losavuta, lakuti basi ikatha mafuta panjila, wokwela abwezeledwe ndalama yake pomwepo, kapena kondakita amulipilile basi ina. Kuzima kukayamba kudya m'thumba la basi, chigubu chidzayamba kugwila fumbi.

Ndipo ife okwela tileke kuona nkhani imeneyi ngati nthabwala ya mu Lusaka. Tinalipila kuti tifike, ndipo kupempha ndalama yathu si chipongwe. Tiipemphe pamodzi, mwaulemu, osasiya mayi mmodzi akulimbana yekha ndi kondakita ife tili pa foni. Tilembe nambala ya basi. Tiuze a komiti ya pa sitesheni. Tiimbe ku wailesi tikambe njila ndi nthawi. Kutukwana kondakita sikukonza floti, ndipo nthawi zambili mnyamatayo ndiye amalandila zochepa kuposa onse. Mawu athu afunika kukwela mpaka afike kwa amene ali ndi buku la motoka.

Ena adzati dziko lili ndi mavuto aakulu kuposa kamuvi ka pa dashibodi. N'zoona. Mtengo wa unga, malaiti, nchito za achinyamata, ngalande za mu Kanyama, zonsezi n'zazikulu. Koma zambili mwa izo zifuna mamiliyoni ndi zaka. Ili lifuna makanika mmodzi, tsiku limodzi, ndi mwini basi amene wauzidwa kuti basi yake siinyamula anthu mpaka geji idzuke. Ngati tilephela kukonza vuto la saizi imeneyi, tidzauza ndani kuti tingakonze aakuluwo?